Leji Yanga Inakagwila Nchito ku Lusaka Ine Ndili ku Joni

Iwe Mabvuto, chotsa tumawaya ito m'makutu. Penjani, kokela benchi ilo kuno. Mafoni asiyeni pa chaja adye moto, palibe amene awabe. Khalani pansi nonse, mumvele. Ndatha masabata atatu chibwelele, ndipo tsiku lililonse mundivutitsa, ati wa ku Joni watibweletsela chiyani, wa ku Joni bwanji suseka monga kale, kapena anakulodza atsikana akumeneko. Lelo ndikuuzani zonse. Koma musandidule pakamwa, chifukwa ndikaima pakati sindiyambanso.

Mukumbuka mmene ndinachokela. Chaka chija thonje tinagulitsa pa mtengo wochititsa manyazi, ine mutu unangotentha, ndati ndikakhala pano ndifa ndi khasu m'manja. Pasipoti ndinali nditatenga kale mwakachetechete. M'mawa wonyamuka, chola chili kumsana, amama anaima pakhomo ndi kutambasula dzanja.

"Leji usiye."

"Amama, leji yanga ndisiye bwanji?"

"Ku kopaletivu analemba dzina lako. Lomba feteleza tikatenga na chani? Kumene uyenda afuna buku lako ilo, osati leji."

Anali kunena zoona, pa boda afuna pasipoti chabe. Ndipo si ine woyamba. Inu nonse mudziwa kuti kuno munthu akamapita kutali, leji, kakhadi ka boma kobiliwila kaja ka dzina ndi nkhope yako, kamatsala pakhomo kuti kazikatenga feteleza. Ndinakachotsa m'kachikwama, amama anakaika m'chitini cha mabisiketi, muja mokhala makhadi a kuchipatala, a ubatizo ndi singano. Nkhope ili pa leji imeneyo ndi ya mwana wa zaka sikisitini, chimene chioneka bwino ndi makutu okha.

Amene anandipeleka pa njinga mpaka pano pa Kacholola ndi Yotamu. Ambili mwa inu mumangodziwa kuti ndi mkulu wanga. Yotamu ndi mwana wa amama aang'ono, amene anakwatiwa kutsidya, ku Mozambiki. Iwo atamwalila, anabwela kwathu ali ndi zaka ngati teni, kabudula mmodzi, pepala ngakhale limodzi analibe. Tinakulila pa mphasa imodzi. Anthu anali kutisokoneza maningi, mpaka abusa anandimenyapo khofi chifukwa cha mango amene anaba iye. Nthawi imene a maleji anabwela kusukulu kudzajambula anthu, ine ndinajambulidwa, iye anamubweza, ati abwele ndi leji ya atate ake kapena ya amai ake. Akaitenga kuti, kumanda? Anangokhala choncho, munthu wamkulu ndevu pepeya koma boma silimudziwa.

Basi itaima, anandigulila nthochi za munjila ndi kundikankhila chola pawindo.

"Ukafika uzituma foni, mfana. Za amama usade nkhawa, ine ndilipo."

Manje ndikati ku Joni, musaganize nyumba zazitali zimene mumaona pa foni. Joni weniweni ndinamuona pawindo la basi ndi kupitilila. Kumene ndinathela ndi pa famu ya nkhuku, pakati pa chidambo chopanda mtengo, mphepo yokhayokha. Tinali kugona mu kontena, chija chachitsulo chonyamulila katundu pa thilaki, amuna eyiti. Nthawi yozizila mpweya wathu unali kusanduka madzi kudenga ndi kutidonthela kumaso. Nthawi yotentha ulowa monga ulowa mu uvuni wa njelwa.

Nchito yanga yoyamba m'mawa inali kutola nkhuku zakufa. Ulowa m'khola lalitali monga kuchoka pano kufika pa chigayo, nkhuku zoyela mbee mpaka kumapeto, fungo lake lilasa m'maso mpaka misozi. Uyenda pang'onopang'ono ndi ndowa, uyang'ana imene yagona chagada. Mpaka lelo mukandipatsa nkhuku yoyela ija ndikuuzani kuti ndakhuta.

Kumeneko palibe amene anandiitanapo dzina langa. Kapitao analiyesa tsiku loyamba, linamukanika pa lilime, ati, "Iwe, Zambia!" Basi, zinathela pomwepo. Zambia tenga wilibala. Zambia magetsi azima ku khola lachitatu. Poyamba ndinali kuseka, ndati ine ndekha ndakhala dziko lonse. Koma pakapita miyezi munthu osamva dzina lako pakamwa pa wina, chinthu china chimauma mkati.

Amene anandisunga ndi a Gondwe, mdala wa ku Malawi, imvi mbuu, amene wathela moyo wake pa mafamu. Bedi lao linali pansi pa langa. Ndiwo anandiphunzitsa kuika manyuzipepala m'kati mwa magambuti kuti zala zisafe ndi chisanu. Tinali kumvana chilankhulo, koma anali kundiseka chifukwa cha mau amodzi. Ndikati, "Mailo ndinaphika ine, mailo muphika ndimwe," iwo agwila mutu.

"Iwe Zambia, mailo wakoyo ndi uti, wapita kapena akubwela? Kwanu simusiyanitsa dzulo ndi mawa, n'chifukwa chake mumachedwa pa chilichonse!"

Iwo maso anali atafooka, ndiye mameseji ochokela kwa akazi awo ndinali kuwawelengela ine, ndi kuwalembela yankho. Nthawi zina ndinali kuonjezela tumau twabwino tumene iwo sananene. Amai a ku Malawi aja mpaka lelo aganiza kuti amuna awo anasintha mtima atakalamba.

Foni ndiyo inali mudzi wanga, sindinama. Ndinaphunzila kukonza mafoni poonelela mavidiyo, palibe anandigwila dzanja. Ya munthu ikaleka kulowa moto, ikasweka galasi, abweletsa kwa Zambia. Netiweki inali kugwila malo amodzi chabe, pa makwelelo a thanki ya chakudya cha nkhuku. Pa Sondo masana anzanga akapita kukamwa, ine ndinali kukwela pamenepo, mphepo ikundimenya, ndi kutsegula mavoisi a amama. Iwo ali ndi kafoni ka mabatani, ndiye anali kupita kwa aphunzitsi oyandikana nafe kukalankhulila pa foni yao yaikulu. Mau awo anali ochepa: ndalama zafika, malata tagula, mvula yachedwa, uzipemphela. Koma ine ndinali kumvela zakumbuyo. Mbuzi ikulila, wina akusinja, tambala wa aphunzitsi uja wa mau osasa. Voisi imodzi ndinali kuibweleza mpaka batili kufiila.

Tsiku lina ndili pa makwelelo pomwepo, kunalowa meseji pa tsamba langa lija ndimaikapo zithunzi. Munthu sindimudziwa, pa chithunzi chake anaika khanda lovala kachipewa kapinki. Ati:

"Bambo, ndimwe ndani imwe mukugwilitsa nchito dzina la amuna anga? Mwina ndimwe akuba a pa foni. Chotsani dzina ilo, apo ayi ndikuuzilani apolisi."

Ndinaseka mpaka foni kufuna kugwela pansi. Ndinayankha kuti amai, dzina ili ndinabatizidwa nalo, ngati amuna anu alifuna abwele tigawane, iwo atenge loyamba ine nditenge lachiwili. Anatumizanso mau ena amene sindingabweleze pano pa Sondo. Ndinamutseka. Nditawauza a Gondwe, iwo sanaseke.

"Maina onse awili afanana?"

"Onse awili. Koma kwathu maina ndi omwewo, mdala, mukaitana limodzi pa msika atembenuka anthu faivi."

"Chitupa chako cha kwanu chili kuti?"

"M'chitini cha amama."

Anangoti, "Hmm," ndi kupitiliza kusoka gambuti yao. Ine ndinaiwala.

Nthawi imeneyo ndinali nditamva kale kuti Yotamu ali ku Lusaka, wapeza kanchito. Ananditumila foni yekha pa nambala yatsopano, mau ali m'mwamba, ati mfana zinthu zayenda. Ndinakondwela, ndinaisunga nambalayo kuti "Yotamu Lusaka". Sindinadzifunse kuti munthu wopanda pepala wapeza bwanji nchito m'tauni. Pambuyo pake nambala ija inaleka kugwila. Ndikafunsa amama, ati, "Alipo, ali bwino," ndi kulumphila ku nkhani ya mvula.

Kenako mwayi unabwela. Kapitao anandiona ndikukonza kabokosi kamene kamayendetsa mafani a m'khola, kamene anthu awo anali kuitanila munthu wa kutauni. Anandiitanila pambali. Ati abwana atsegula famu ina, afuna munthu wa magetsi ndi makina, osati wotola nkhuku. Chipinda changachanga, chokhala ndi windo. Mapepala okhalila m'dziko akonza iwo. Chimene afuna kwa ine n'chimodzi chabe, pepala la apolisi a kwathu lonena kuti ndilibe mlandu. Ndati ichi chokha? Ine sindinagonepo m'selo ngakhale kamodzi! Ndinakwela basi ndikuimba.

Kufika kunyumba, malata ali pa denga, mbee. Amama achepa thupi, ayenda atagwila m'chiuno. Ana amene ndinasiya akukwawa anandithawa, ena anandipatsa moni wa alendo. Ndipo Yotamu ndinamupeza pakhomo, woonda, maso olowa. Ati nchito ya ku Lusaka inatha. Anabwela ndi mkazi, Esinati, ndi kamwana kakakazi, Dalitso. Mlamu wangayo anandipatsa moni atagwada, maso pansi, ndipo masiku onse sanandiyang'anepo kumaso. Ine ndinati ndi ulemu chabe. Iye anali kuitana mwamuna wake kuti "atake Dalitso", monga achitila akazi onse kuno, ndiye palibe chimene ndinamva chachilendo. Yotamu m'mawa ali ku dimba, madzulo ali ku dimba. Pano pa msewu sanali kufikapo. Galimoto ikamveka kulowa m'mudzi, iye wasowa.

Ndinapempha leji yanga. Amama anachedwa nacho chitini chija m'nyumba. Leji itatuluka, inali yopindika monga yakhala nthawi yaitali m'thumba la kumbuyo, m'mbali mwake yodyeka, pulasitiki yake yatsopano. Ndati feteleza yekha angaikalambitse chonchi? Koma ndinali pa changu.

Ndinapita ku polisi ku Nyimba, anandidinda zala zonse teni, ati zipita ku Lusaka, mubwele pakapita masabata awili. Lachisanu lapitali ndinabwelela, nditavala shati yanga yabwino ija. Ndinapeza amai ena apolisi, achikulile, a magalasi. Anayang'ana pepala, anandiyang'ana ine.

"Bambo, dzina ili ndi lanu?"

"Langa, amai."

"Nambala ya leji iyi?"

"Yanga."

"Zungulilani, mubwele mukhale kuseli kwa kauntala kuno."

Anzanga, mudziwa amene amakhala kuseli kwa kauntala. Anandiwelengela: mwini dzina ili anali mlonda pa nyumba yosungila katundu womangila ku Lusaka. Mawaya a magetsi anasowa. Anamugwila, anamutulutsa pa bondi kuti azichokela kunyumba, tsiku la khoti sanaoneke. Afunidwa mpaka lelo.

"Amai, ine Lusaka ndinangopitamo pa basi! Ndinali ku Joni, ndinali kutola nkhuku zakufa, funsani a Gondwe!"

"A Gondwe ndiye ndani? Khalani pansi, musakuwe."

Mwayi pasipoti inali m'chola. Anatsegula tsamba ndi tsamba, akuyang'ana zidindo za pa boda, akuyelekeza ndi masiku a pa pepala lao. Kenako anavula magalasi.

"Mtima ukhale pansi. A ku Lusaka alemba kale kuti dzina ndi nambala n'zofanana, koma zala si zanu. N'chifukwa chake nsapato zanu zikali kumapazi. Munthu wina anayenda ndi leji yanu."

Anandiuza zochita, ine ndikulemba mu foni. Ati ndilembe sitetimenti yonena kuti wina anagwilitsa nchito dzina langa, ndipo pepala limene andipatse ndiziyenda nalo paliponse, chifukwa pa lodibuloko wapolisi sadzayamba ndi kuyang'ana zala. Ati ndipite ku ofesi ya maleji ndikawadziwitse. Ati ndipitenso kwa a mafoni andionetse manambala onse olembetsedwa pa leji yanga, amene si anga atsekedwe. Ndipo ndisadzasiyenso leji, ngakhale fotokope yake, m'manja mwa munthu. Mpaka apo zinali zosavuta. Kenako anatenga bolopeni.

"Manje tiyambe. Leji munataya liti?"

"Sindinataye, amai. Inali m'chitini kunyumba."

"Ndipo lelo ili m'manja mwanu. Ndiye inatuluka yokha m'chitini, inakwela basi, inakagwila nchito ya ulonda, itatopa inabwelela?"

Wapolisi wina wachinyamata anaseka. Ine ayi.

"Chitinicho asunga ndani?"

Sanandiyembekezele, anaika bolopeni pa pepala.

"Ndilembe kuti amai anu?"

"Iyayi! Amama sadziwa ngakhale kuwelenga."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mwaukali. Anatseka faelo.

"Pitani mukafunse bwino kunyumba. Lolemba mubwele ndi dzina la munthu amene anatenga leji iyi. Mukalibweletsa, mlandu uchoka pa imwe, upita kwa mwini wake. Mukapanda kulibweletsa, sindikumangani, koma nkhaniyi ikhala yotseguka pa dzina lanu, ndipo pepala mufunalo musaliyembekezele msanga."

Ndinatuluka ndi kupita molunjika kwa a mafoni. Mtsikana wa pamenepo analowetsa nambala ya leji yanga ndi kunditembenuzila kompyuta. Manambala atatu. Imodzi yanga yakale. Yachiwili sindiidziwa. Yachitatu ndinayamba kuilemba mu foni yanga kuti ndiisunge, ndisanamalize foni inandimalizila yokha. Yotamu Lusaka.

Ndinakhala pansi pa khonde la sitolo, amai a nthochi akundifunsa ngati ndadwala. Mumtima ndinali nditadziwa kale kuyambila pa kauntala paja. Koma kuona foni yako yomwe ikukuuza, ndi zina.

Kunyumba ndinapeza amama akusenda nshawa pa lichelo. Ndinaika leji pamwamba pa nshawazo. Sanadzidzimuke, sanaleke ngakhale kusenda.

"Nine ninamupatsa," anatelo.

"Amama!"

"Dzina linali kungokhala m'chitini, mwana wangu. Feteleza ni kamodzi pa chaka. Miyezi ina yonse linali kugwila nchito yanji? Iwe kumene unali unali na buku lako. Mnzako nchito yapezeka, afuna leji, niziyang'ana chabe?"

"Koma ndi dzina langa!"

"Njinga yako anakwela, sunakambe. Jekete yako ya ku chalichi anavala, sunakambe. Lomba kakhadi?"

"Dzina si njinga, amama! Apolisi afuna ine!"

"Nanga ninapatsa mlendo? Si mkulu wako? Chaka ninagwa ku munda, ananinyamula ndani kuyenda nane ku chipatala? Foni yako?"

Ndipo musaganize kuti anali kudziteteza ayi. Iwo aona ndithu kuti anachita chinthu chabwino, monga kubweleka m'bale khasu limene lili chogonela kuseli kwa nyumba.

Yotamu ndinamupeza ku dimba akuthilila lepu. Atandiona anaika kheni pansi. Ndinali nditakonza mau ambili munjila, ena a chizungu, ena otukwana a ku Joni. Onse anathawa.

"Sindinabe, mfana," anayamba yekha. "Anabwela masana ndi thilaki, ndi kalata ya chidindo, ati abwana atituma. Ine kuwelenga kwanga udziwa. Ndinatsegula geti. Sabata yotsatila ati kalata inali yabodza, mlonda ndiye adziwa. Ndinagona m'selo masiku atatu."

"Nanga unathawilanji ngati sunabe?"

"Ku khoti akanandiyang'anitsitsa. Akanaona kuti makutu a pa leji si anga."

"Ukanandiuza!"

"Ndinaganiza kuti ziiwalika usanabwele." Anakhala pa mzele, akuyang'ana matope a kumapazi. "Chaka chimodzi ndi miyezi ndinali munthu, iwe. Yunifomu, nsapato zakuda. Ndikafika pa ofesi andifunsa leji, nditulutsa osachita mantha. Ndinagula simu yangayanga, ina ya Esinati. Anthu anali kundipatsa moni, 'Mwauka bwanji, a ujeni,' dzina lako ilo, ine kuyankha. Iwe unabadwa nazo izi, sungadziwe mmene zimakomela."

Ndinafuna kumuuza kuti nthawi yomweyo ine kunali kulibe ondiitana dzinalo. Sindinanene. Zikanathandiza chiyani?

Pobwelela ndinakumana ndi Esinati pa njila ya ku chitsime, mwana ali kumsana. Anatula ndowa, kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana kumaso.

"Alamu, ndine ndinakutukwanani pa foni paja. Mundikhululukile. Sindinali kudziwa. Ndinakwatiwa ndi dzina lanu, ku chalichi analemba lomwelo. Ndinadziwila kuno, nditamva amama akuwaitana kuti Yotamu, ine ndikuyang'ana uku ndi uku kuti Yotamu ndani."

Anamasula mfundo ya chitenje ndi kutulutsa khadi la sikelo la mwana. Pamene alemba dzina la atate, pali ine. Anzanga, ndili ndi mkazi ndi mwana m'mabuku, ine amene sindinafunsilepo ngakhale mtsikana mmodzi! Iwe Penjani usaseke. Kapena seka, inenso ndinafuna kuseka, koma mlamu wanga anali kulila.

"Apolisi akawatenga amuna anga, ine ndibwelela kwathu ndi mwana wa bambo wopanda dzina," anatelo. "Sindikukuletsani. Ndangofuna mudziwe."

Manje onani mmene zilili. Ndikanena dzina lake, amutenga. Mlandu wa mawaya mwina angapulumuke, mwina ayi, koma wa leji sangauthawe, ndi wothawa bondi pamwamba. Akamaliza kumeneko, munthu wopanda pepala amupeleka kuti? Kutsidya, kumene adziwako manda a amai ake chabe, ndipo Chipwitikizi sadziwa ngakhale moni. Amama nawo angawaitane, chifukwa ndiwo anatsegula chitini. Ndikakhala chete, chipinda cha windo chija chapita. Kubwelela ku nkhuku zakufa nakonso sindidziwa ngati pa boda andilola osandikhazika pambali. Ndizikhala pano, ndikukonza mafoni anu osweka, ndipo nthawi iliyonse basi ikaima pa lodibuloko mtima uzigunda chifukwa cha geti imene sindinatsegule.

Mailo, la kumbuyoli, a Gondwe ananditumila voisi, wina anawathandiza kukanikiza. Ati, "Zambia, kapitao akuti malo akusungila mpaka kutha kwa mwezi, ukachedwa aika wina. Pa bedi lako ndaikapo thumba langa kuti asagonepo munthu. Kodi pepala limodzi lokha likutenga masiku onsewa?" Sindinawayankhe. Ndiwauza chiyani?

Ndipo chimene chindiwawa, kunyumba palibe amene akundinyengelela kapena kundikalipila. Angondisiya. Amama aika chakudya pakhomo la kanyumba kanga ndi kubwelela. Ana akandiona aleka kusewela. Zaka zonse zija ndinali kukwela thanki kuti ndimve mbuzi za kwathu, lelo mbuzi zili pamphuno panga, koma ndidya ndekha kuposa mu kontena. Dzina anatenga langa, koma pakhomo paja amene aoneka woopsa ndine.

Lelo m'mawa anthu atapita ku chalichi, Yotamu anabwela ndi kuima pakhomo langa, chikwakwa m'manja.

"Mfana, sindithawanso. Ndatopa. Ukakanena, ukanene, akandipeza pano. Koma undiuze lelo, kuti ndidziwe ngati nkhokwe ya amama ndiimalize kufolela manje, kapena ndili ndi masiku."

Ndinatenga foni ndi kubwela kuno. Pochoka ndinacheuka, ndinamuona ali kale pamwamba pa nkhokwe, pa Sondo, akumanga udzu mofulumila monga kuti ndamuyankha.

Mailo ndi Lolemba, ndipo apa ndikamba la kutsogololi. Amai a magalasi aja atsegula faelo, atenga bolopeni, andiyang'ana. Mabvuto, iwe umadziwa kukamba maningi pa gulu la pa foni, manje kamba. Penjani, nawenso. Mukanakhala ndimwe kuseli kwa kauntala kuja, mukanawauza kuti alembe chiyani?